Funsani Malume: madala a Rolling Stones adutsa zaka 60 ali limodzi, ife zaka 6 zokha tayamba kulozana zala

Mwezi uno mameseji abwera ambiri ndithu pa WhatsApp, ena ongopereka moni, ena akuti ndiwapezere mkazi (imeneyo si ntchito yanga abale), koma ndasankhapo atatu poti onse akulira chinthu chimodzi, geni yochitira pamodzi. Mayina ndachotsa ngati nthawi zonse.

FUNSO

Malume, moni kuchokera kuno ku Ulongué. Ine ndi anzanga atatu tinayamba geni ya mbatatesi zaka 6 zapitazo, timakagula kwa alimi ku Tsangano ndi ku Domue nkumakagulitsa ku Tete pa Kwachena. Poyamba tinkachita hayala magalimoto a eni ake kenako tinasonkherana nkugula lole yathu, ka Canter kakale koma kamayenda. Ine ndimagwira kope ndi ndalama, alamu anga ndi adalaivala, mnzanga wa kusukulu ndi amene ali ndi pakamwa, amalankhula ndi amayi opikula pamsika, ndipo wachinayi ndi amene anabweretsa nzeru yonseyi koma pano mowa wamulowa, tsiku lokweza katundu timachita kukamusaka ku mabaraka. Palinso mwana wa achemwali anga amene ndi ajudanti, wakhala akusenza matumba chiyambire koma iye timangomulipira pa ulendo.

Tsopano wapakamwa uja akuti popanda iye mbatatesi zathu palibe angazigule nde azitenga gawo lalikulu, ndipo tangozindikira kuti amayi ena pamsika amamupatsa kenakake pambali ife osadziwa. Alamu anga salankhula koma sabata yatha wapakamwa uja atawatchula kuti "dalaivala wanga" pamaso pa anthu anangoimika lole pa Mussacama nkuzimitsa foni, katundu anafika ku Tete dzuwa lili paliwombo ndipo kutentha kwa kumeneko mukukudziwa, matumba apansi anali atayamba kale kununkha. Mwana wanga anandionetsa pa foni madala achizungu otchedwa Rolling Stones, akuti ena adutsa zaka 80 koma akuimbabe limodzi chiyambire ali anyamata. Nde ndikufunsa Malume, amenewa anadya chani kuti azikondana chonchi? Ife tigawane lole tisiyane kapena pali potulukira?

Wosunga kope, Ulongué

YANKHO

Mphwanga, ndiyambe nkukuchotsani chinthu chimodzi m'mutu: madala amenewo musawaone kukumbatirana pa siteji nkumati amakondana ngati nkhunda, ayi ndithu, akanganapo kuposa inu ndipo nkhani zanu zonse zinayi mwalembazi zinawachitikirapo, mpaka ndaseka ndekha powerenga kalata yanu.

Bandi imeneyi inayamba ku London mu 1962. Mick Jagger woimba uja ndi Keith Richards wa gitala anadziwana ali ana kusukulu ku Dartford, anatayana, kenako mu 1961 anakumananso pa siteshoni ya sitima Jagger atanyamula malekodi a Chuck Berry ndi Muddy Waters, nde ubwenzi unayambirananso pamenepo. Koma amene anasonkhanitsa gulu nkulipatsa dzina sanali awiriwa, anali Brian Jones. Mwayamba kumuona mnzanu wa ku mabaraka uja eti? Dikirani kaye, Brian yemweyo alinso ndi khalidwe la wapakamwa wanu, chifukwa mu 1963 anzake anatulukira kuti amalandira mapaundi 5 apadera pa sabata mobisa poti iye ndi mtsogoleri. Mapaundi 5 okha, koma kuyambira tsiku limenelo anzake sanamuonenso chimodzimodzi. Akanati anene poyera kuti abale ine ndimathamanga kwambiri kusaka malo oimbira ndionjezereni, mwina akanavomera, chinawapweteka ndi kubisako. Kwa inunso ndikuganiza ndi chomwecho, ndalama imene amayi a pa Kwachena amamupatsa mnzanuyo mwina ndi yongogulira fanta ndi bumi koma poti mwaimvera kwa anthu ena, panopa ngakhale atanena mtengo woona wa thumba mumtima muziti wadyapo.

Brian Jones mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zinamugwira, ku situdiyo amabwera mochedwa kapena osabwera, akabwera gitala kumukanika. Anzake anamupirira zaka zingapo koma mu June 1969 anapita kunyumba kwake nkukamuuza kuti basi ulendo wathera pano, ndipo pasanathe mwezi anapezeka atafa m'dziwe losambira kunyumba kwake ali ndi zaka 27. Sindikukuuzani zimenezi kuti muope kumuchotsa mnzanuyo, komanso sindikuti mumutaye ngati chikwanje chothyoka. Munthu amene anabweretsa nzeru ali ndi ulemu wake ndipo ndalama imene anasonkha pogula lole ndi yake, imeneyo musaikhudze. Koma ndalama ya thukuta la ulendo imapita kwa amene anakwera lole. Muzilekanitsa ziwirizi: phindu la mpamba agawane anayi onse amene anasonkha, malipiro a ntchito alandire amene wagwira tsiku limenelo. Akagona ku baraka tsiku lokweza, za ulendo umenewo sakulandira, osachita kukalipirana, kope lizinena lokha. Ndipo pitani mukalankhule ndi akubanja kwake, mowa wotere si nkhani ya geni yokha.

Za alamu anu tsopano, apa nde ndikhalitsepo chifukwa ndikuona kuti nonse simukuwaona. Mu Rolling Stones munali bambo wina woimba ng'oma dzina lake Charlie Watts, analowa mu January 1963 ndipo anakhala pampando umenewo mpaka kumwalira kwake mu August 2021 ali ndi zaka 80. Munthu wofatsa, wokonda suti, mkazi mmodzi moyo wake wonse, pamene anzake akudumpha kutsogolo iye ali phee kumbuyo kusunga mayendedwe a nyimbo. Keith Richards amasimba kuti mu 1984 ku Amsterdam, Jagger atamwa anaimba foni kuchipinda cha Watts pakati pa usiku kufunsa kuti wang'oma wanga ali kuti. Watts anadzuka, kumeta ndevu, kuvala suti bwinobwino ndi nsapato zopolisha, nkutsika kukamupatsa chibakera chimodzi cha kumaso, nkumuuza kuti asadzamutchulenso wang'oma wake, iyeyo ndiye woimba wa Watts. Kkkk. Nde alamu anu poimika lole pa Mussacama chinali chibakera chawo chimenecho, kungoti chawo chinagwera pa mbatatesi zanu nonse.

Inu a ku Angónia simufunika kuuzidwa zambiri pamenepa. Ku bwalo anthu maso amakhala pa chilombo chikuvina ndi pa wa mbalule amene amachita kulankhula nayo ng'oma, koma wa mpanje akangosiya kapena kuphonya, gule yense amasokonekera ngakhale chilombo chikhale chaluso bwanji. Munthu amene amadzuka 2 koloko usiku, kutsika ndi lole yodzaza mumsewu umenewo, kudziwa kuti tayala ili latsala maulendo awiri, kumva kulira kwa injini nkudziwa kuti dizilo wathiridwa uja ndi wosakaniza, ameneyo si "dalaivala wanga" wa wina aliyense, ndi mwini lole ngati inu nomwe. Wapakamwa wanu apepese, ndipo apepese pamaso pa anthu omwe aja ananyozerapo osati kuseri kwa lole. Alamu anunso auzidwe kuti kukwiya nkololedwa koma foni siizimitsidwa katundu ali pamsewu, matumba anaola aja awerengedwe ndipo mugwirizane kuti zikadzachitikanso alipira ndani.

Nanga wapakamwayo azitenga gawo lalikulu? Apa ndikhoza kukukhumudwitsani pang'ono. Mu Rolling Stones sagawana mofanana ayi. Jagger ndi Richards ndi amene amalemba nyimbo zambiri ndipo ndalama ya kulemba imapita kwa iwo awiri, ena amadya za kuimba ndi za maulendo. Nde kufuna zambiri pakokha si tchimo, ngati ntchito yake ikuoneka nkuwerengeka. Ngati mnzanuyo amathadi kugulitsa thumba pamtengo woposa umene wina aliyense wa inu angagulitse, muikireni kagawo kodziwika pa thumba lililonse limene lapitirira mtengo mwagwirizana, kalembedwe mu kope, ndipo za pambali zija zithe lero. Koma chenjerani ndi mbali inayo, Mick Taylor wa gitala amene analowa m'malo mwa Brian anachoka mu 1974 ndipo china chimene ankadandaula nchoti amathandiza kupeka nyimbo koma dzina lake osalembedwa. Wina akamadya zambiri, enawo ayenera kumaona ndi maso chifukwa chake.

Ndipo musaganize kuti awiri akuluakuluwo zimawayendera. M'zaka za m'ma 1980 Jagger anayamba kutulutsa nyimbo payekha, chimbale chake choyamba mu 1985, Richards anapsa mtima nkumamunyoza m'manyuzipepala, iye mwini nthawi imeneyo amaitchula kuti nkhondo yachitatu ya dziko lonse, ndipo kuchokera 1982 mpaka 1989 bandi sinayende ulendo woimba ngakhale umodzi. Atambala awiri m'khola limodzi. Chinawabweza nchani? Aliyense anayesa payekha nkuona kuti anthu amene amadzaza masitediyamu safuna Jagger yekha kapena Richards yekha, amafuna dzina lija. Mu 1989 anakumana ku Barbados, kukalipirana kaye, kenako nkukhala pansi kulemba nyimbo. Nde wapakamwa wanu ngati akulimbikira zoti popanda iye palibe geni, musamugwire mwendo, muuzeni ayese maulendo awiri yekha, akapikule yekha ku Tsangano kwa alimi amene amakhulupirira inu wa kope, asake yekha galimoto ya hayala, aone chimene chitsale m'thumba. Nanunso yesani kugulitsa pa Kwachena popanda iye mumve mmene amayi aja amagwetsera mtengo akaona nkhope yachilendo. Mukabwerako nonse mudzalankhulana mwaulemu.

Chimene ine ndimaona kuti chinawasunga kwenikweni ndi mapepala, ndipo anaphunzira atalumwa. Ali anyamata anasainira makontirakiti osawerenga bwino ndi manejala wa ku America dzina lake Allen Klein, mmene amasiyana naye cha mu 1970 anapeza kuti nyimbo zawo za m'ma 1960, zimene zinawatchukitsazo, umwini wake uli m'manja mwa kampani ya Klein ndipo mpaka lero zili komweko. Pamwamba pa apo anali ndi ngongole yaikulu ya msonkho ku Britain mpaka mu 1971 anasamukira kum'mwera kwa France. Anthu odziwika dziko lonse koma m'thumba muli mbee. Amene anawakonzera zinthu ndi munthu wa ku banki, Rupert Loewenstein, anagwira nawo ntchito pafupifupi zaka 40 ndipo chosangalatsa nchoti nyimbo zawo sankazikonda nkomwe, iye zake zinali manambala basi. Jagger nayenso anaphunzirako pa London School of Economics asanasiye sukulu chifukwa cha bandi, nde za ndalama amazitsata yekha mpaka pano.

Inu loya wa ku London simungamukwanitse komanso simukumufuna. Koma ndikufunseni mphwanga, lole ija mapepala ake ali m'dzina la ndani? Ndikhoza kubetcha kuti ali m'dzina la munthu mmodzi ndipo enanu mukungodalira kuti ndife abale. Wina atamwalira mawa, Mulungu atalikitse, akubanja kwake adzabwera kudzatenga chani ndipo mudzawaonetsa pepala liti? Ndalama za geni zimalowa pa M-Pesa kapena e-Mola ya ndani, ndipo enawo amaona mameseji ake? Mwati inu ndi wosunga kope, chabwino, koma kope limene amaliona munthu mmodzi nalonso limabala manong'onong'o, mwinanso anzanuwo akukukayikirani inuyo ngati mmene mukumukayikirira wapakamwa, simunaganizepo? Ulendo uliwonse ukatha khalani pansi anayi nonse, kope pakati, dizilo zingati, alimi zingati, pamsewu zingati, zatsala zingati, aliyense asainire. Lembani pangano la tsamba limodzi lonena amene anasonkha zingati, ntchito ya aliyense, ndi mmene munthu angatulukire akafuna kuchoka, musainire pamaso pa mboni, kaya a mfumu kaya wamkulu wa kumpingo amene sadyapo kanthu. Geni ikakula mukhoza kupita ku BAÚ, ofesi ya boma yothandiza za mabizinesi, mukafunse za kulembetsa kampani yanu, koma yambani ndi tsamba limodzilo.

Mwana wa achemwali anu ndatsala pang'ono kumuiwala, ngati mmene mwamuiwalira inu zaka 6. Ronnie Wood analowa mu bandi mu 1975, pa zithunzi zonse amaoneka ngati mwini wake koma anakhala pa malipiro ngati waganyu mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pamene anamulowetsa m'gulu la ogawana phindu. Apa madalawa musawatsanzire, anachita nkhanza. Panalinso Ian Stewart wa piyano amene anali nawo pachiyambi penipeni, manejala anamuchotsa pa zithunzi mu 1963 ati nkhope yake siikugwirizana ndi anyamata enawo, iye osanyanyala, anapitiriza kuwayendetsa pa galimoto, kunyamula zida ndi kuimba piyano kumbuyo mpaka anamwalira mu 1985. Anthu otere alipo koma ndi ochepa, musayembekeze kuti mphwanuyo akhala choncho. Tsiku lina wina adzamuitana kuti akhale pa lole yake ndipo adzapita ndi manambala a alimi onse mumutu. Mupatseni kagawo ngakhale kochepa, kapena mulipirireni sukulu yoyendetsa galimoto kuti alamu anu akadwala lole isagone.

Musagawane lole panopa. Chitani zimenezi nyengo imodzi yokolola, zikakanika mudzasiyana pepala lili m'manja.

FUNSO

Malume ine ndi mayi wa ku Moatize, ndili ndi baraka ya chakudya ndi anzanga awiri, timaphikira anyamata ogwira ntchito ku migodi ya malasha ndi a malole. Tinagwirizana kuti tizigawana mofanana koma ine ndi amene ndinaika ndalama zambiri poyamba, firiji ndi yanga, mapoto akuluakulu ndi anga. Amuna anga akuti ndikupusitsidwa. Zoona?

Mayi wa firiji, Moatize

YANKHO

Achemwali, kugawana mofanana si uchitsiru ayi, pali bandi ina imene yakhalitsa chifukwa cha zomwezo. U2 ya ku Dublin ku Ireland inayamba mu 1976 mnyamata wa ng'oma Larry Mullen atapachika kapepala pa bolodi ya kusukulu kuti akufuna anzake oimba nawo, ndipo anayi amene anakhazikika, iyeyo, Bono, The Edge ndi Adam Clayton, ndi omwewo mpaka lero. Iwowa ndalama amagawana mofanana ngakhale dziko lonse limadziwa nkhope ya Bono kuposa enawo, ndipo manejala wawo Paul McGuinness amene anakhala nawo kuchokera 1978 mpaka 2013 ankawerengedwa ngati wachisanu pogawana. Ubwino wake ngwoti palibe amene amagona akuwerengera mnzake.

Koma onani kusiyana kwake, anyamata amenewo anayamba onse alibe kanthu, pamene inu munabwera ndi firiji. Nde amuna anu sakunama kwenikweni kungoti akuloza polakwika. Musasinthe kagawidwe ka phindu, mukatero mawa amene amadzuka 4 koloko kukoleza makala adzati nanenso ndionjezereni, wotsuka mbale naye chimodzimodzi, baraka itha. Chitani izi: lembani kuti firiji ndi mapoto ndi anu ndipo mukadzasiyana mudzanyamula, zikawonongeka zikonzedwe ndi ndalama ya geni musanagawane, ndipo ndalama yoonjezera imene munaika poyamba ija muibweze pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi ngati ngongole imene geni inakongola kwa inu. Ikatha kubwezedwa nonse muli pa mzere umodzi ndipo abambo kunyumba asowa chonena. Kodi Credelec, magetsi olipiriratu aja, ya firijiyo amagula ndani? Ngati mumagula nokha siyani lero, imeneyo ndi ya geni.

FUNSO

Malume ndili mu bandi ya anyamata asanu kuno ku Furancungo, timaimba m'maukwati. Anthu amati ine ndi amene ndili ndi mawu abwino ndipo anzangawa akundichedwetsa, ndipite ku Tete kapena ku Lilongwe ndikajambule ndekha. Ndipite?

Wa mawu abwino, Furancungo

YANKHO

Mphwanga, amene akukuuza kuti uli ndi mawu abwino anakumva ukuimba wekha kapena anzakowo ali kumbuyo? Jagger amene ali ndi dzina dziko lonse anayesa payekha nkubwerera, ndipo ali ndi anzakewo mu 2006 anaimbira anthu oposa 1 miliyoni pa gombe la Copacabana ku Rio de Janeiro. Kuno kwathu ku Mozambique bandi ya Ghorwane inayamba mu 1983, inataya oimba ake Zeca Alage mu 1993 ndi Pedro Langa mu 2001 onse mochita kuphedwa, koma dzina linapitirira chifukwa linali la gulu. Kutsidya ku Chileka Black Missionaries anthu ankati yatha Evison Matafale atamwalira mu 2001, mpaka lero Mablacks akudzaza malo.

Sindikuti usapite, mwina ulidi ndi mphatso ndipo ku Furancungo kwakuchepera. Pita ukajambule nyimbo imodzi kapena ziwiri, koma uwauze anzako pamaso usanakwere chapa, asamvere kwa anthu, ndipo maukwati amene munalandira kale ndalama ya chikole ukaimbe onse usananyamuke. Sipika ndi jenereta munagula pamodzizo uzisiye.